Nswala za ku Richmond Park: musagule lenzi ina, yambani mwaidziwa nyama

Funso lachokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Hounslow, kumadzulo kwa London, ndipo likukhudza Richmond Park, paki yaikulu ya mumzindawo: "Lamlungu lina mu Okutobala ndinapita ku Richmond Park ndi kamera yanga, ya lenzi ya 70-300mm, kukajambula agwape aja a nyanga zanthambi. Zithunzi ndabwera nazo zambiri koma palibe chondigwira mtima. Pena nyama yangondiyang'ana, pena yandipatsa mbuyo, pena ikuoneka kang'onong'ono. Nditati ndisendere pafupi, yamphongo ina inayamba kubwera kwa ine, ndinathawa mtima uli phaphapha. Kodi ndigule lenzi yaikulu? Nanga nyama zimenezi tizizitchula kuti chiyani m'Chichewa?"

Achemwali, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Lenzi muli nayoyo ikukwanirani, ndikuonetsani ndi masamu kutsogoloku. Chimene chinasowa tsiku lija ndi nthawi yokhala pansi n'kuiyang'anitsitsa nyamayo mpaka mudziwe chimene ikufuna kuchita isanachichite. Chithunzi chabwino cha nyama yakutchire chimajambulidwa ndi munthu amene anali atakonzeka kale, chala chili pa batani, pamene chinthucho chinkachitika.

Za dzina, si agwape ayi. Gwape, mbawala, mphoyo, ngoma, ntchefu ndi nswala ya ku Liwonde zonse nyanga zake n'zamuyaya: mkati muli fupa, kunja chikhokho cholimba chofanana ndi chikhadabo, ndipo sizichita nthambi. Nyama munaonazo nyanga zake ndi fupa lokhalokha, zimachita nthambi, zimathothoka chaka ndi chaka n'kumeranso zatsopano. Kwathu kulibe nyama za mtundu umenewu. Mu Africa monse zachilengedwe zimapezeka kumpoto kokha, m'mapiri a ku Algeria ndi Tunisia, pamene za m'mafamu a ku South Africa zinachita kubwera ndi azungu. N'chifukwa chake tilibe dzina lake lenileni. Omasulira Baibulo atafika pa Salimo 42 anabwereka dzina, ena anati nswala, ena mbawala. Inenso ndibwereka nswala, koma dziwani kuti ndi chibale cha patali.

Mu Richmond Park muli mitundu iwiri, zonse pamodzi pafupifupi 600. Zikuluzikulu zija Angerezi amati red deer, ine ndiziti nswala zofiira. Yamphongo yokhwima imatha kufika makilogalamu 200, ndipo nyengo imene munapitayi khosi lake limatupa n'kumera manyenje. Zocheperapo, zimene amati fallow deer, ndi nswala zamawanga. Nyanga zake kumapeto n'zaphanthiphanthi ngati chikhatho, mchira wautaliko wokhala ndi mzere wakuda, ndipo m'gulu limodzi mupezamo zamawanga, zoderako kwambiri ndi zina zoyera mbee. Malowa ndi aakulu pafupifupi mahekitala 1,000. Mfumu Charles I inawazunguliza ndi mpanda wa njerwa mu 1637 kuti izisakamo, ndipo nyamazi zakhala zikuswana momwemo kuyambira nthawi imeneyo. Zinazolowera kuona anthu, njinga ndi magalimoto, koma si zoweta. Kusathawa kwakeko ndi kumene kumanyenga anthu.

Munapita pakati penipeni pa nyengo yokwerana, imene imayamba kumapeto kwa Seputembala n'kufika mu Novembala. Chaka chonse zamphongo zimakhala pazokha mwamtendere, zazikazi pazokha ndi ana. Masiku akayamba kufupika thupi la yamphongo limasintha, anzake aja amasanduka adani. Imapita kumene zazikazi zikudya, n'kuzikusa kuti zikhale gulu lake, kenako n'kuyamba ntchito yozilondera usana ndi usiku. Kudya imadya pang'ono kwambiri, kugona ayi, moti pofika kumapeto kwa nyengoyi imakhala itaonda, nthiti zikuwerengeka. Yaikazi iliyonse imalola yamphongo kwa nthawi yochepa, pafupifupi tsiku limodzi, ndiye yamphongo ikalekerera gulu lake pa ola lolakwika, chaka chonse chapita. Nyama imene inabwera kwa inu inali yotopa, yanjala, yokwiya, ndipo chilichonse choyenda pafupi ndi zazikazi zake inkachiona ngati mdani. Ndikukhulupirira kuti posendera munalowa pakati pa iyo ndi imodzi mwa zazikazizo osadziwa, poti yaikazi ikagona m'zomera zija amati bracken, zomwe zija zimadzadza m'zitunda za ku Nyika, mumangoona nsonga za makutu basi.

Zinandichitikirapo chaka changa chachiwiri kuno, kufupi ndi maiwe a Pen Ponds. Diso langa linali mu kamera, ndikutsatira yamphongo imene inkabangula chakumanja kwanga. Sindinaone kuti yaikazi ina yachoka pagulu n'kudutsa kumbuyo kwanga. Ndinangoona nyama ija yasiya kubangula, yatembenuka, ikubwera ndi mayendedwe ouma, miyendo ngati ya mitengo, mlomo wam'mwamba utakwinyika. Fungo lake linandipeza iyo isanafike, fungo la mkodzo ndi matope ngati la tonde. Ndinabwerera chambuyo pang'onopang'ono mpaka msana unagunda mtengo waukulu wa oak, ndipo ndinazungulira kuseri kwake. Inadutsa osandiyang'ananso, kukabweza mkazi wake. Kuyambira tsiku limenelo ndimachotsa diso pa kamera pafupipafupi n'kuyang'ana mbali zonse, ndipo sindikhala pamalo pamene palibe mtengo waukulu pafupi.

Mukadzaona yamphongo yasiya zimene imachita n'kukuyang'anitsitsani, kapena ikupalasa pansi ndi chiboda, kapena ikuyenda chammbali molingana nanu, musakuwe, musatambasule manja, musathamange. Bwererani momwe munadzera, nkhope ili kwa iyo, pang'onopang'ono. Kuyenda chammbali kuja n'koopsa kuposa mmene kumaonekera, chifukwa ndi mmene imachitira ndi inzake ikafuna kumenyana nayo.

Apa ndi pamene pali chuma cha wojambula, ndiye ndikhalapo pang'ono. Zamphongo sizingogundana mwachisawawa. Pa chilumba cha Rum ku Scotland, akatswiri akhala akutsatira nswala zofiira imodziimodzi, kuyambira kubadwa mpaka kufa, chiyambire 1972, ndipo Tim Clutton-Brock ndi Steve Albon anaonetsa mu 1979 kuti mkangano wa zamphongo uli ndi makwerero ake. Poyamba zimapikisana kubangula. Kubangula mobwerezabwereza kumafuna mphamvu zambiri, nyama yofooka singanamizire, ndiye mlendo akamva kuti mwini gulu akubangula kumuposa, kawirikawiri amangotembenuka n'kumapita. Zikakhala zofanana, zimayamba kuyenda limodzi moyandikana, mbali ndi mbali, iliyonse ikuyeza thupi la inzake ndi diso lam'mbali. Zimatha kupita n'kubwerera kangapo. Zambiri zimathera pomwepo. Pokhapokha palibe yogonja, imodzi imatembenuka mwadzidzidzi n'kutsitsa mutu, inzake n'kuilandira, nyanga n'kukolana, khwa! Zikatero ndi kukankhana, ziboda zikukumba nthaka, mpaka ina itasweka mtima n'kuthawa.

Mukazidziwa zimenezi, kamera imayamba kukumverani. Mukamva ziwiri zikuyankhizana, musathamangire kumene kuli phokoso, khalani pamene mungaone malo apakati pa ziwirizo. Zikayamba kuyenda mbali ndi mbali, kwezani liwiro la shata (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) kufika 1/1000 ya sekondi, bwezani lenzi pang'ono kuti zonse ziwiri zikwane m'chithunzi ndi malo otsala, kenako dikirani. Ngakhale ndewu isachitike, chithunzi cha zamphongo ziwiri zikuyenda limodzi, mitu ili m'mwamba, n'chokongola ndipo chimanena nkhani.

Kubangula nakonso kumadziwika kusanayambe. Yamphongo ikangothamangitsa inzake, kapena ikangobweza yaikazi yosochera, pafupifupi nthawi zonse imaima, kutambasula khosi, kugoneka nyanga kumsana, n'kutulutsa mawu. Ikanunkhiza pamene yaikazi yakodza, imakweza mutu n'kupinda mlomo wam'mwamba, maso ali ngati yagona, kuti imve ngati yaikaziyo yakonzeka. Ikayamba kupunthapuntha zomera ndi nyanga, konzekani, chifukwa ikadzutsa mutu imakhala itasenza udzu ndi masamba ngati chisoti. Pamene pali chithaphwi cha matope onunkha, chopondekapondeka, ndi pobwera yamphongo kudzagubuduka. Malo otero mukawapeza asungeni mumtima, mudzabwerenso mawa lake n'kukhala chapatali. Nswala zamawanga siziyenda ndi gulu kwambiri ngati zofiira. Yamphongo nthawi zambiri imasankha malo ake pansi pa mitengo, n'kupalasa, n'kumalira mawu okhuthala ngati munthu akugeya kosalekeza, kholingo likukwera n'kutsika moonekera. Izo zimafika pachimake mochedwerako, chapakati ndi kumapeto kwa Okutobala, ndipo poti zimakhala malo amodzi n'zosavuta kuphunzirirapo.

Tsopano masamu aja. A Royal Parks, amene amasamalira malowa, amati munthu atalikirane ndi nswala mamita 50, pafupifupi theka la bwalo la mpira. Anthu ambiri amaganiza kuti pamenepo ndi patali kwambiri kwa lenzi ya 300mm. Makamera ambiri ogulitsidwa ndi lenzi ngati yanuyo sensa yake, kachipangizo kamkati kolandira kuwala, ndi yotambalala pafupifupi mamilimita 23.5. Pa 300mm, mutaima mamita 50, chithunzi chanu chimatenga malo otambalala pafupifupi mamita 4. Yamphongo yaikulu kutalika kwake kuyambira mphuno mpaka mchira ndi pafupifupi mamita 2. Ndiye kuti nyamayo yadzaza theka la chithunzi, theka linalo ndi la udzu, nkhungu ndi mitengo. Ngati kamera yanu ndi ya sensa yaikulu ya mamilimita 36, chithunzi chitenga mamita 6, ndipo nyama idzaza gawo limodzi mwa atatu, zomwe zili bwinobe. Ine zithunzi zimene ndimazikonda kwambiri n'zimene nyama ili ndi malo opumira. Chithunzi cha mutu wokha chikhoza kujambulidwa ngakhale kumalo osungira nyama m'makola, sichiuza munthu kuti nyamayo imakhala kuti.

Zithunzi zanu za nyama yongokuyang'anani ndi za mbuyo zija zimachokera ku chinthu chimodzi: nyamazo zinkachita zimene inu mwazichititsa. Yoyang'ana ikufunsa kuti ndinu ndani, yopatsa mbuyo yaganiza kale zochoka. Mukakhala patali n'kukhala pansi, pakatha mphindi khumi kapena makumi awiri zimakuiwalani n'kubwerera ku zawo, ndipo zithunzi zenizeni zimayambira pamenepo. Muyezo wanga ndi makutu a zazikazi. Yaikazi yachikulire ndiyo mlonda wa gulu. Ikamabzikula, nsagwada zikuyenda, makutu ali mbali zosiyana, ndiye kuti ndili bwino. Ikasiya kutafuna, makutu onse awiri n'kuloza kwa ine, ndimaima pomwepo, ndimayang'ana pansi, sindisunthanso mpaka itayambiranso kutafuna. Ikaponda pansi ndi mwendo wakutsogolo kapena kuuwa kamodzi, mawu ofanana ndi a mbawala ya kwathu ikadzidzimuka m'nkhalango, ndiye kuti ndalakwa kale, ndimabwerera.

Poyandikira musalunjike nyama. Chilombo ndicho chimayenda molunjika, maso ali pa nyama. Yendani chopingasa ngati muli ndi ulendo wanu, muziima pafupipafupi. Maso a nswala ali m'mbali mwa mutu, imaona pafupifupi mbali zonse, ndipo ngakhale siisiyanitsa bwino mitundu yofiira, kanthu kakangosuntha imaona msanga. Mtundu wa buluu imauona bwino, choncho jekete ya buluu wowala isiyeni kunyumba, komanso ija yolira khwakhwakhwa mukamayenda. Zovala za asilikali sizofunika, zoderako zilizonse zikwanira. Mphepo izikuwombani kumaso, monga alenje a kwathu amachitira pothothola udzu wouma n'kuuponya m'mwamba. Mu Richmond nyama zinazolowera fungo la anthu, koma chizolowezi chimenechi chidzakuthandizani tsiku limene mudzapite ku Exmoor, kumwera chakumadzulo kwa England, kapena kumapiri a ku Scotland, kumene nswala ikangomva fungo lanu simuionanso. Amene munajambulapo ku Nyika kapena ku Liwonde muli m'galimoto, dziwani kuti apa n'zosiyana. Kuja galimoto ndiyo imakubisani. Kuno muli pa miyendo iwiri, ndipo nyama iliyonse imadziwa tanthauzo la chinthu choyenda ndi miyendo iwiri. Mukakhala pansi mumachepa m'maso mwake, komanso kamera imatsika kufika pa msinkhu wa maso a nyamayo, udzu wakutsogolo n'kusungunuka bwino m'chithunzi.

Mwati munapita Lamlungu, ndipo ndikuganiza kuti kunali masana. Nthawi imeneyo nyama zimakhala zitagona, kuwala kukuchokera pamwamba, anthu ali piringupiringu. Pitani pakati pa sabata, mufike kusanache. Pakati pa Okutobala dzuwa la ku London limatuluka cha m'ma 7:20, ndipo mawotchi akabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la mweziwo, limatuluka 7 koloko isanakwane. Zipata za oyenda pansi zimakhala zotsegula usiku wonse, kupatula masabata a mu Novembala ndi Febuluwale pamene amapha nyama zina kuti zisachulukitse, pamenepo amatseka kuyambira 8 koloko usiku mpaka 7:30 m'mawa. Basi nambala 65 kuchokera pa siteshoni ya Richmond imakusiyani ku Petersham, pafupi ndi chipata. Musanagone yang'anani zanyengo. Usiku wopanda mitambo, wopanda mphepo, wozizira, ndiwo umabala nkhungu m'zigwa ndi pa maiwe. Mukalowa imani kaye mumvetsere, kubangula kukuuzani kolowera.

M'mawa wotero khalani moti dzuwa lizitulukira kuseri kwa nyama, osati kuseri kwanu. Yamphongo ikabangula kuzizira kuli tsetsetse, mpweya wake umatuluka ngati utsi, ndipo utsiwo umaoneka pokhapokha kuwala kukuchokera kumbuyo kwake, makamaka ngati kuseriko kuli mitengo yakuda. Ubweya wa m'khosi ndi m'mphepete mwa makutu umayaka ngati golide. Dzuwa lenilenilo lisalowe m'lenzi, ndipo musaliyang'ane kudzera mu kamera.

Pa zochuna kamera sinditaya nthawi. Lenzi yanu pa 300mm imatseguka mpaka f/5.6 kapena f/6.3, isiyeni pomwepo. Shata ikhale 1/500 nyama ikamayenda pang'onopang'ono, ISO, muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala, muilole ikwere yokha mpaka 3200. Chithunzi chamchengamchenga chimakonzeka pa kompyuta, chogwedezeka sichikonzeka. Mu nkhungu kamera imadetsa chithunzi, onjezerani kuwala ndi +0.7 kapena +1. Fokasi ikhale yotsatira chinthu choyenda, ndipo muilozetse pa diso, chifukwa ikasiyidwa yokha imakonda kugwira nyanga kapena udzu wakutsogolo. Zimitsani kulira kwa kamera ndi fulashi. Batire yachiwiri isungeni m'thumba lamkati kuti isazizidwe. Mukakhala pansi, zigongono zikhazikeni pa mawondo, simufuna chokhazikira kamera cha miyendo itatu.

Chinthu chimodzi chimandipweteka mtima chaka chilichonse. Nthawi ya kubangulaku mumapeza anthu makumi angapo atazungulira yamphongo imodzi, aliyense akusendera kuti apose mnzake, ena ndi mafoni m'manja, ena atanyamula ana. Nyama yotopa kale ija imasowa kolowera, zazikazi zake zimabalalika, n'kuwononga mphamvu zimene ikanalowa nazo m'nyengo yozizira. Mukapeza gulu lotero musalowemo. Malowa ndi aakulu, yendani mphindi khumi ndi zisanu mupeza nyama zina muli nokha. Musazipatse chakudya, chifukwa nyama yozolowera kulandira m'manja imayamba kutsatira anthu n'kumalanda. Zipatso za chestnut ndi za oak zogwa pansi musatole, n'zimene nswala zimanenepera nyengo yozizira isanafike, ndipo malamulo a pamalopo amaletsa.

Musaganizenso kuti Okutobala akatha nkhani yatha. Mu Malichi ndi Epulo zamphongo zofiira zimathothola nyanga, zazikulu ndizo zimayamba, ndipo mutha kuona ina ikuyenda ndi nyanga imodzi, mutu utapendekeka. Nyanga zogwazo musatenge, nyamazo zimazikukuta kuti zibweze mchere wa m'mafupa. Zatsopano zimamera zitakutidwa ndi khungu lofewa laubweya lodzaza mitsempha ya magazi, ndipo pachimake zimakula masentimita awiri pa tsiku. Mu Ogasiti khungulo limauma, nyama n'kumalikhula pa mitengo, zidutswa zikulendewera ngati nsanza. Nyengo yozizira ikatha, akhwangwala ang'onoang'ono amene amati jackdaw amatera pamsana pa nswala n'kumazula ubweya wakale kukamangira zisa, nyamayo ili phee. Mukatsatira yamphongo imodzi chaka chonse, n'kuizindikira ndi khutu long'ambika kapena kapangidwe ka nyanga, mudzakhala ndi zithunzi zimene wobwera tsiku limodzi sangazipeze. Nthambi za nyanga sizinena zaka za nyama, musawerenge ngati mmene ena amanenera.

Nthawi yoopsa kwambiri kwa ine si ya zamphongo, koma kuyambira Meyi mpaka Julayi pamene zazikazi zikuswa. Mwana amabadwa ndi mawanga, ndipo masiku oyamba make amamubisa m'zomera n'kupita kukadya chapafupi, kumabwera kudzamuyamwitsa. Mukapeza kamwana kali kokha, kataphathama pansi, sikanatayike. Musakagwire, musaime kuti mujambule, chokanipo msanga momwe munadzera, chifukwa make akukuonani ndipo amamenya ndi ziboda zakutsogolo. Miyezi imeneyi agalu onse amayenera kukhala pa chingwe, ndipo ngati muli naye ndi bwino kungomusiya kunyumba. Zithunzi za ana zimajambulika bwino kumapeto kwa Juni ndi mu Julayi, atayamba kuyenda ndi gulu n'kumathamangitsana madzulo.

Poti ndakuuzani kuti muzikhala pansi, ndikuuzeninso za nkhupakupa. Mu Richmond Park zilimo, ndipo zina zimafalitsa matenda a Lyme. N'zazing'ono kuposa za ng'ombe zimene tinazolowera kwathu, zina ngati kambewu ka fodya. Tengani kachiguduli kapena pulasitiki yokhalira, miyendo ya thalauza ilowe m'masokosi, ndipo mukafika kunyumba dzifufuzeni kuseri kwa mawondo, m'chiuno ndi m'khwapa. Mukaipeza igwireni ndi kopanira kosongoka pafupi penipeni ndi khungu n'kuikoka molunjika, osaiotcha kapena kuipaka mafuta. Pakatuluka chizindikiro chofiira chomakula mozungulira, kapena mukamva ngati malungo patapita masiku kapena masabata, pitani kwa dokotala wanu (GP) mukanene kuti munalumidwa ndi nkhupakupa. Pa khungu lakuda ngati lathu chizindikirocho sichioneka chofiira kwenikweni, chimatha kungooneka ngati banga loderako, ndiye muziyang'ana pamalo owala.